MWANA WOLUMALA NAYE AFUNA NTCHITO

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene tonse tichiona tsiku la msika, koma pobwerera kumudzi sitichikamba. Amene adafikako ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza kumene dziko lathu lichita malire ndi Mozambique, adziwa m'mene anthu apiringidzana kumeneko. M'mamawa mame asanakamuke, njinga zayamba kale kufika zitasenza matumba a chimanga ndi nandolo ochokera ku Milange. Amayi atsika ndi madengu a nthochi ndi nanazi pamutu. Anyamata a kabaza aitanira anthu. Ndipo m'minda ya tiyi othyola masamba alowa kale m'mizere, mitanga ili kumsana.

Tsono pakati pa piringupiringu ameneyu mudzaona mnyamata wakhala m'mphepete mwa msewu, miyendo yake yopuwala, dzanja atatambasula, kudikira kuti wodutsa amponyere kandalama. Mukayenda pang'ono mudzapeza wina, miyendo yake yopuwala chimodzimodzi, nayenso wakhala pansi. Koma uyu wagwira singano yaikulu ndi ulusi, patsogolo pake pali mulu wa nsapato zong'ambika, ndipo eni ake aima pambali kumdikira. Nanga chasiyanitsa awiriwa n'chiyani, popeza miyendo yawo ndi yofanana? Wachiwiriyu adapeza munthu womphunzitsa ntchito ndi mbale womgulira zipangizo. Woyambayo adapeza anthu omumvera chisoni basi.

Nkhaniyi ikhudza tonse

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya mabanja owerengeka okha. Koma pa kalembera wa chaka cha 2018 boma lidapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wina, kaya wa maso, wa makutu, wa miyendo, wa manja, wa kulankhula kapena wa nzeru. Lidawerenganso anthu 134,636 a khungu lachialubino. Werengani nyumba za m'mudzi mwanu, ndipo mudzaona kuti palibe mbumba imene nkhaniyi yailambalala.

Makolo athu adati, lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ena abadwa nacho, inde; koma ambiri chiwapeza ali moyo. Mwana adwala malungo aakulu nachira atagontha. Wina poliyo adamufoola miyendo ali wakhanda. Mnyamata wa kabaza agwa pamsewu nadulidwa mwendo. Ndipo tonse tikumbukira namondwe wa Freddy wa mwezi wa Malichi 2023, amene adagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri a kuno, napha anthu ochuluka ndi kuvulaza ena. Zimenezi zili ndi zifukwa zake zodziwika, ndipo banja limene litaya mbuzi ndi nkhuku kufunafuna amene adalodza mwana likadachita bwino kusunga chumacho kuti mwanayo adzaphunzirire ntchito.

Ntchito za kwathu kuno

Tiyenera kuvomera kuti ntchito zambiri za dera lino ndi za miyendo ndi msana. Kuyambira chaka cha 1891, pamene tiyi adabzalidwa pa esiteti ya Lauderdale, anthu a ku Mulanje adazolowera kuti wantchito ndiye amene ayenda m'mizere ya tiyi tsiku lonse, malipiro ake nkutsata kulemera kwa masamba pa sikelo. Amene sali ku tiyi akankha njinga ya matumba, kapena alima ganyu. Chifukwa chake mayi akaona mwana wake sayenda bwino, mtima umuuza kuti mwanayu ntchito alibe pa dziko lino.

Koma tayang'ananinso msika womwewo ndi maso ena. Njinga zonsezo zifuna wozikonza. Matumba onsewo afuna woima pa sikelo ndi wolemba m'buku. Zovala za kaunjika zifuna telala wozichepetsa. Mafoni afuna wowakonza, ndipo ndalama zotumizirana pa foni zifuna munthu wodziwa masamu wokhala m'kanyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndowa ndi mbaula zifuna mmisiri wokhoma malata. Ngakhale ku tiyi komweko kuli ntchito za ku nazale, za pa sikelo ndi za mu ofesi. Zonsezi zigwirika munthu atakhala pansi, ndipo zifuna mutu, manja ndi kukhulupirika. Ntchito ilipo ndithu. Chosowa ndi njira yomufikitsira mwana wolumala pa ntchitoyo.

Za msungwana wina wa ku Muloza

Tikuuzeni za msungwana wina wa m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje wa Muloza, amene dzina lake sititchula pano. Miyendo yake idafooka ali wamng'ono, ndipo zaka zonse za pulaimale mlongo wake ankamtengera kusukulu pa njinga. Adakhoza Sitandade 8, nayamba sekondale, koma ndalama zitachepa makolo adati apitirize ndi mnyamata, pakuti ndiye adzagwira ntchito. Msungwanayo ankalemba bwino ndi kudziwa masamu, ndipo atamva kuti pa ofesi ina afuna wothandiza kulemba m'mabuku, adapempha kuti amperekeze. Pakhomo pa ofesiyo padali masitepe, kotero kuti adachita kumnyamula anthu akuona. Mkulu wa pamenepo sadamfunse kanthu za masamu, adangoyang'ana ndodo zake, nati, "Pitani, tidzakuitanani." Sadamuitane.

Atabwerera mayi ake adamtonthoza, nati, "Khala pansi mwanawe, usadzivute. Ife tilipo, tidzakudyetsa."

Iye adayankha, nati, "Amayi, ndamva. Koma inu mukadzatisiya, ine ndidzadya kwa yani? Achimwene adzapita kuchikamwini, achemwali adzakhala ndi ana awo. Kodi ndidzakhala woyendayenda m'makomo mwa abale mpaka imfa?"

Mayiyo adasowa poyankha, ndipo adakatula nkhaniyo kwa mlongo wake, mwini mbumba. Atsibweniwo atafika adakhala pakhonde, namfunsa mwanayo chinthu chimene palibe adamfunsapo chibadwire: "Iwe mwanawe, mtima wako ufuna ntchito yanji?"

Iye adati, "Atsibweni, ndikadakonda za mu ofesi, koma khomo latsekeka. Mundipereke kwa a telala. Ndimaona m'mene adulira nsalu, ndipo ndiyesa ndingathe."

Atsibweniwo adagulitsa mbuzi, napita kwa telala wina wa pa msika. Iye poyamba adakana, nati makina ake ndi opalasa ndi mapazi. Koma mkuluyo adaumirira, nati, "Achimwene, kodi makina opukusa ndi dzanja adatha pa dziko?" Adawapeza akale kwa mayi wina wokalamba, nawakonzetsa. Msungwanayo adaphunzira kupukusa ndi dzanja lamanja uku lamanzere likuwongolera nsalu, ntchito yochedwa ndi yotopetsa phewa, koma msoko wake udali wowongoka.

Ataphunzira padabuka vuto lina. Anthu a m'mudzi ankabwera ndi nsalu zawo, koma polipira ankati, "Tikupatsa theka, popeza tangofuna kukuthandiza." Ena sankalipira konse, poyesa kuti wolumala sangawalondole. Atsibweni aja ndiwo adathetsa zimenezi: adabweretsa mayunifolomu a ana awo, nalipira mtengo wonse pamaso pa anthu, nanena mokweza kuti amene afuna ntchito ya theka akasoketse kwina. Lero msungwanayo sadalemere ayi. Miyezi ya njala makina akhala chete masabata angapo, ndipo phewa limpweteka. Koma sukulu zikamatsegulira agona mochedwa ndi mayunifolomu, sopo ndi mchere agula yekha, ndipo pa maliro a m'mudzi apereka chopereka chake monga wamkulu aliyense. Mayi ake, amene ankati khala pansi, tsopano amtuma kuti awawerengere ndalama za ku banki m'khonde.

Kumene mwana angaphunzire

Si onse adzapeza telala pafupi, tsono nkofunika kuti makolo adziwe makomo amene alipo. Ana osamva ndi osaona ayenera kuyamba ndi sukulu. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli sukulu ya Maryview ya ana osamva, ndiponso koleji ya Montfort imene isula aphunzitsi a ana aulumali wosiyanasiyana. Aphunzitsi ochokera kumeneko atumizidwa m'sukulu zina za boma, kumene ana aulumali aphunzira pamodzi ndi anzawo. Funsani mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwanu kuti yapafupi ili kuti. M'boma lathu lomwe lino la Mulanje muli sukulu ya boma yophunzitsa anthu osaona ulimi ndi ntchito za manja, ndipo nzachisoni kuti mabanja ena a kuno saidziwa, chikhalirecho ili pakhomo.

M'chaka cha 1971 boma lidakhazikitsa lamulo limene lidabala bungwe la MACOHA. Bungwelo lidatsegula malo ophunzitsira ntchito ku Magomero m'boma la Chiradzulu, kumene achinyamata aulumali aphunzira kusoka, ukalipentala ndi ntchito zina, ndiponso fakitale ya ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre, kumene anthu aulumali adziwika ndi luso la kuomba ndi kukongoletsa nsalu. Kuyambira chaka cha 2024, potsata lamulo latsopano, ntchito za bungweli zidapita m'manja mwa bungwe la MACODA. Palinso TEVETA, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito za manja m'dziko lonse. Khomo loyamba logogoda kwa ife a kumudzi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Mulanje. Ulendo wake kuchokera ku Limbuli ndi wopita ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Chimene lamulo linena

Mkulu uja amene adayang'ana ndodo m'malo mwa masamu adalakwira lamulo la dziko. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 aletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 liletsa tsankho lotere polemba anthu ntchito, ndipo lilamula malipiro ofanana pa ntchito yofanana. M'chaka cha 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo lapadera la za ulumali, ndipo la chaka cha 2024 ndilo lidalowa m'malo mwake. Eni akenso sadakhale manja lende: m'chaka cha 1999 mabungwe awo adalumikizana napanga FEDOMA kuti azilankhula ndi mawu amodzi. Wachinyamata amene wakanidwa ntchito chifukwa cha thupi lake ali nako kokadandaula, ku ofesi ya za ntchito pa boma kapena ku mabungwe amenewa.

Komabe tisanamizane. Malo ophunzitsira aja ndi ochepa, ofuna kulowamo ndi ambiri, ndipo ngakhale achinyamata alungalunga okhala ndi masatifiketi ali mbwee m'midzi kusowa ntchito. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingagule makina, ndipo silingabwere kudzaima pa msika wa Limbuli kuti ogula alipire mtengo wonse. Ndalama za Mtukula Pakhomo, kwa amene azilandira, zithandiza kugula ufa, koma sizimpatsa munthu chochita akadzuka m'mawa. Chifukwa chake tibwerera pa mawu athu oyamba aja: ntchito ya mwana wolumala iyambira pakhomo, kwa mayi, bambo ndi atsibweni.

Tisamuikire malire

Pamenepa tichenjezane za kulakwa kwina kumene achita ngakhale anthu a mtima wabwino. Ayesa kuti wosaona aliyense ayenera kuluka mphasa, ndipo wopuwala miyendo aliyense ayenera kusoka nsapato. Ntchito zimenezi nzabwino, koma mitima ya ana ndi yosiyana. Ku France kudali mnyamata, Louis Braille, amene adabadwa m'chaka cha 1809, nachita khungu ali mwana atadzilasa m'diso ndi chida cha bambo ake osoka zikopa. Makolo ake adamtumiza kusukulu, ndipo ali ndi zaka 15 adakonza zilembo za timadontho totukuka zowerenga ndi zala, zimene osaona a pa dziko lonse, ndi a kuno omwe, aphunzirira mpaka lero. Iye mwini adakhala mphunzitsi. Kuno kwathu akuluakulu akumbukira Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, amene banjo yake idamveka pa wailesi m'dziko lonse mpaka imfa yake m'chaka cha 1995. Ndipo m'chaka cha 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, munthu woyamba wa khungu lachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Mwana wanu mwina sadzatchuka chotero, koma ngati mutu wake uli wa sukulu, musamtulutse kuti mlongo wake apitirize, agawane zochepazo.

Mawu kwa makolo

Choyamba, mmera mpoyamba. Mwana wolumala apatsidwe ntchito zapakhomo monga anzake, monga mwa mphamvu zake: kutong'ola chimanga, kusankha nandolo, kudyetsa nkhuku, kuwerenga ndalama za nthochi. Mwana amene amchitira zonse akula akuyesa kuti sangathe kanthu, ndipo akafika zaka 20 nkovuta kumchotsa maganizo amenewo.

Chachiwiri, mfunseni chimene afuna, ndipo muyese ntchitoyo ndi thupi lake. Wosamva angathe ukalipentala, kumanga nyumba, ulimi ndi zina zambiri, malinga womphunzitsa aleze mtima ndi kumuonetsa ndi manja. Wa khungu lachialubino dzuwa limuononga khungu ndipo lingamdzetsere khansa, tsono afunika ntchito ya pamthunzi, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu, ndiponso malo amene abale angamuone. Wodwala khunyu asagwire ntchito pafupi ndi moto kapena madzi akuya, ndipo asaleke mankhwala a kuchipatala.

Chachitatu, pogawa minda ya mbumba musamdumphe. Ngakhale sangathe kugwira khasu, angathe kuyang'anira aganyu, kubwereketsa mundawo kapena kubzalamo nthochi. Munthu wopanda pake pa nthaka ya makolo ndiye asanduka wopemphapempha eni ake akamwalira.

Chachinayi, kuphunzira kopanda zipangizo nkosathandiza. Ambiri abwera kuchokera kumaphunziro ndi pepala lokha, ndipo pakutha chaka luso laiwalika. Mbumba isonkhe, mphakati usonkhe, a banki m'khonde amlandire monga membala ndi kumkongoza monga ena. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu kwa ogula ndi olemba ntchito

Inu amisiri a pa msika, amatelala, akalipentala ndi okonza njinga, pakati pa anyamata amene muwaphunzitsa landiranipo mmodzi wolumala. Kawirikawiri chofunika kusintha ndi chaching'ono: benchi lalifupi, thabwa loika pa masitepe, makina a dzanja. Inu a masitolo ndi maofesi, muyeseni munthuyo pa ntchito imene mufuna, ndipo akalephera mumkane chifukwa cha ntchitoyo. Inu ogula, ntchito ikakhala yabwino lipirani mtengo wonse. Ikakhala yoipa mbwezereni akonze, monga muchitira ndi mmisiri wina aliyense. Kulandira msoko wokhota mwakachetechete chifukwa cha chisoni ndiko kumuuza kuti simumuwerengera ngati mmisiri. Ndipo tileke kuitana anthu ndi dzina la chilema chawo. Aliyense ali ndi dzina limene adampatsa makolo ake.

Mawu kwa achinyamata eni ake

Inu ana athu, tidziwa kuti mwakanidwa kambirimbiri, ndipo ena mwa inu mwatopa. Sitikulonjezani kuti njira idzakhala yosalala. Koma lankhulani monga adachitira msungwana uja. Auzeni akuluakulu chimene mufuna, pakuti mwana wosalira adafera mu mbereko. Funafunani anzanu aulumali a m'dera lanu, mupange gulu, popeza boma ndi mabungwe amvera msanga gulu koposa munthu mmodzi. Mukapeza ntchito, fikani pa nthawi yake, sungani malonjezo, bwezani ngongole. Pakuti anthu akaona mmodzi wa inu ali wokhulupirika, khomo litsegukira ndi ena obwera pambuyo.

Tsono abale, tsiku la 3 Disembala chaka chilichonse dziko lonse likumbukira anthu aulumali, ndipo akuluakulu alankhula m'mabwalo. Ife a kumudzi tisadikire tsiku limenelo. Sabata lino lomwe, mukakhala pakhonde madzulo, itanani mwana uja amene nthawi zonse mumsiya kulonda nyumba ena akapita kumunda, ndipo mumfunse funso la atsibweni aja: mtima wako ufuna ntchito yanji? Akayankha, itanani mbumba, muwerenge mbuzi ndi nkhuku, muone mmisiri amene ali pafupi. Tidzakondwa kumva m'makalata anu m'mene mwayendera.